Pa chipulula tidapita anayi, enanu mudali kuti?

Nangozo47:
Abale anga, ndidaleza mtima kuti chisankho chidutse kaye, tsopano ndilankhule. Dandaulo langa likupita kwa anthu a chipani changa chomwe. Dzina la chipanicho sinditchula poti a admin amakana, komanso ndikamamva za kwina, matenda ake ndi omwewa.

Kwathu dera lonse ndi la chipani chimodzi kuyambira kale. Amene wadutsa pa chisankho cha chipulula, chosankha munthu wodzaimira chipani, ndiye kuti mwendo umodzi walowa kale m'Nyumba ya Malamulo. Ku eriya kwathu adatipatsa malo 9 okavota: atatu a komiti yaikulu, atatu amayi, atatu achinyamata. Tsiku litakwana tidanyamuka anayi. Wina adati akukolola, wina adati njinga yaphwa, wina adangoti kavoteni inu, zonse n'chimodzimodzi. Titafika pa bwalo la sukulu tidapeza ma eriya ena abwera awiriawiri, ena sadaoneke n'komwe. Adapambana munthu amene kumudzi kuno timangomuona pa maliro a anthu otchuka.

Chondiwawa n'chakuti otsala kunyumba aja ndi amene adayamba kufuula kuti chipani chatiikira munthu. Pa 16 September 2025 adadzuka tambala woyamba, nsalu ya chipani ili m'chiuno, kukavotera woyima payekha. Ndiye ndifunse: munthu wotha kuima pa mzere maola anayi pa chisankho chachikulu, chimamukanika n'chiyani pa chipulula?

KabazaWaPaDepoti:
Mayi, ine ndikasiya njinga tsiku lathunthu, madzulo ana adya nsalu ya chipaniyo?

Nangozo47:
Nanga pa 16 September adadya chiyani, achimwene?

KabazaWaPaDepoti:
Tsiku lija malo ovotera anali pa sukulu yapafupi. Ndinavota 7 koloko isanakwane n'kubwerera pa siteji. Chipulula amachitira malo amodzi dera lonse, amakuuzani 8 koloko, akuluakulu ochititsa chisankho amafika dzuwa litapendeka. Musafanizire.

Mphukira_04:
Funso lanu lapendekeka, mayi. Mukufunsa ngati kuti khomo linali lotsegula ife n'kukana kulowa. Ine ndavina m'misonkhano, ndakhoma zithunzi za shado (wofuna uphungu) m'mitengo, ndakwera lole mpaka kuboma kukachingamira atsogoleri. Tsiku la chipulula ndinapita ndithu. Anandiimitsa pa chingwe, akuti dzina langa mulibe m'buku la nthumwi. Ndinaonerera ndili pa chulu ngati mpira wa ulere. Ndiye wamphwayi ndine?

MphunzitsiWopuma:
Tisanakwezerane mawu, tilekanitse anthu awiri amene tikuwaphatikiza pano. Woyamba ndi nthumwi yoti ufulu wovota ili nawo koma yatsala kunyumba, monga anzawo a mayi Nangozo. Wachiwiri ndi wotsatira chipani wamba, monga mwanayu Mphukira, amene ngakhale atafunitsitsa sangavote. Chisankho cha chipulula sachititsa ndi a MEC, bungwe loyendetsa zisankho. Chipani chilichonse chimadzipangira malamulo ake, ndipo m'zipani zikuluzikulu ovota amakhala nthumwi zochokera m'makomiti a m'ma eriya, osati aliyense wovala makaka a chipani.

Amalawi pa nkhani yovota si aulesi. Pa chisankho cha 2025 olembetsa adali pafupifupi 7.2 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 76 adaponya voti. Mayiko ambiri olemera safika pamenepo. Ndiye tikaona bwalo la chipulula lili pululu, tisathamangire kunena kuti ndi mphwayi.

Onaninso kumene mkwiyo wa otsalawo umakathera. Mu 2014 oyima paokha adatenga mipando 52, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 adatenga 55, kufanana ndi MCP, pamene DPP idapeza 62. Ambiri mwa iwo si anthu opanda chipani ayi, ndi ana a m'nyumba momwemo amene adagwa, kapena kugwetsedwa, pa chipulula. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti wotsatira wamba amachita chipulula chake pa tsiku la chisankho chachikulu, poti m'pamene pokha amamulola kulowa.

Nangozo47:
Aphunzitsi ndamva, ndipo Mphukira andikhululukire, sindimanena iye. Koma anzanga asanu aja mayina awo adalimo m'buku. Amenewo muwaikira kumbuyo bwanji?

MaiWaMandasi:
Ndiwaikira kumbuyo ine, poti ndine mmodzi wa iwo, ngakhale si kwanuko. Dzina langa lidalimo, ndine msungichuma wa amayi, ndipo sindidapite. Imvani chimene chidandisunga pakhomo.

Kwathu savota pa pepala. Ashado amawaimika kutsogolo, kuwamanga nsalu kumaso, ife n'kukandanda kumbuyo kwa amene tikumufuna. Nsaluyo ndi yongonamizira, poti anyamata awo amakhala pambali ndi mafoni akujambula, dzuwa lisanalowe aliyense wadziwa kuti uje adaima pati. Tsono ashado adalipo atatu. Woyamba adatipatsa galimoto ndi bokosi pa maliro a apongozi anga. Wachiwiri ndi msuweni wa bambo a kunyumba. Wachitatu ndi amene mtima wanga unkafuna, mayi wanzeru zake koma wopanda kanthu m'thumba. Ndikadaima kumbuyo kwa ndani? Ndikaima kwa woyamba, kunyumba kulibe mtendere. Ndikaima kwa wachiwiri, mudzi wonse unena kuti ndine wosayamika, ndipo maliro sabwera kamodzi. Ndikaima kwa wachitatu ndadana ndi onse awiri, iye n'kugwanso.

M'mawa mwake ndidamanga kansalu kumutu, ndidati malungo andigwira. Pa chisankho chachikulu ndimalowa ndekha m'kachipinda, ndichonga, ndipinda pepala, mboni ndi Mulungu yekha. Pa chipulula voti yachinsinsi ndi kudwala basi.

Joni_Kuno:
Eeh, mayi awa anena zonse. Admin tsekani nkhani.

KabazaWaPaDepoti:
Malungo a tsiku la chipulula kuchipatala sawapeza m'magazi.

GavanalaWakale:
Ndidatumikirapo monga gavanala wa dera zaka zingapo, zipulula ndayendetsako, ndiye ndiyankheko. Za mzerezi musazinyoze kwambiri. Pepala limafuna ndalama: kusindikiza, mabokosi, owerenga, chitetezo. Chipani chichite zimenezo m'madera 229 ndi mawodi 509, ndalama yake ichokere kuti? Komanso pepala ndi limene limasowa usiku. Mzere aliyense amauona ndi maso ake, wogwa amadziwa kuti wagwa.

Vuto lenileni lili pa buku la nthumwi. Ma eriya ambiri amagona zaka zinayi, amadzambatuka chisankho chikayandikira. Wapampando adamwalira, mlembi adapita ku Joni, msungichuma adalowa chipani china, koma mayina akadalimo. Ndiye shado wochenjera amabwera ndi ma eriya akeake, a m'thumba, oti mudzi wake simungauloze. Phungu amene ali pampando amati ovomerezeka ndi akale okhaokha, poti adawadzala yekha. Mikangano yonse imene mumaimva, mpaka kukafika kukhoti, phata lake ndi limodzi: tigwiritsa ntchito buku liti? Munthu akaitanidwa kawiri katatu kudzatsimikizira dzina lake, ulendo uno lilimo, ulendo winawo lachotsedwa, amatopa. Ndipo ulendo uno malire atasintha, madera atachoka pa 193 kufika pa 229, ma eriya ena adadulidwa pakati. Ndikudziwa anthu amene adafika pa bwalo n'kuuzidwa kuti inu tsopano ndinu a tsidya lija.

MphunzitsiWopuma:
A gavanala, za buku ndikuvomera. Koma zoti mzere subedwa, funsani anzathu a ku Kenya. Mu 1988, nthawi ya Daniel arap Moi, chipani cha KANU chidagwiritsa ntchito njira yomweyi, ankaitcha mlolongo. Anthu adaona ndi maso awo mzere waufupi ukulengezedwa kuti waposa wautali. Wowerenga akati 400, inu muti 250, mawa lake mzerewo uli kuti woti muwerengenso? Pepala limasungika, mzere umabalalika. Mkwiyo wa chaka chimenecho udathandiza kukoleza moto wofuna zipani zambiri, njirayo n'kuthetsedwa. Ku Uganda chipani cha NRM chidabwerera ku mizere pa chipulula cha 2020, koma madandaulo ndi ziwawa sizidathe.

GavanalaWakale:
Ku Kenya kudali chipani chimodzi, wogwa adalibe kothawira. Kuno wogwa amakatenga mafomu a MEC sabata yomweyo.

WaKuNdirande:
Ndiye mwadziyankha nokha, madala. Ndidzivutitsirenji pa chipulula pamene ndikudziwa kuti munthu wanga, apambane agwe, pa pepala la chisankho chachikulu adzakhalapo? Akagwa amangosintha chizindikiro, m'malo mwa cha chipani aika mtondo kapena khasu. Ife timavala nsalu ya chipani, pulezidenti timavotera wa chipani, phungu timavotera wathu. Akapambana amabwerera ku chipani chomwecho, amayi amene ankamuimba nyimbo zachipongwe aja n'kumulandira ndi nthungululu. Chipulula chake n'chachiyani pamenepo? Ndi mayeso oti wolephera ndi wokhoza onse akulowa Fomu 1.

Nangozo47:
Nanga akagawana mavoti awiriwo, mdani n'kudutsa pakati? Zidachitika dera loyandikana nalo. Pa phungu palibe za 50+1, woposa mnzake ndi voti imodzi watenga.

WaKuNdirande:
Zimenezo alire ndi a kulikulu amene amaika anthu awo. Ine misozi ndilibe.

ChilungamoBasi:
Tisamazungulire apa. Tonse tikudziwa chipani chimene chimachita zimenezi, ndi chija cha

AdminWaGulu:
Ndadula uthenga wa ChilungamoBasi. Lamulo lake ndi lomwe lija: za m'mbiri zodziwika tchulani, koma zimene zidakuchitikirani inuyo musamatire dzina la chipani kapena la munthu. Kachiwiri ndikutulutsani.

Maule_Mpaka:
Koma Amalawi ndi mizere! Wa mafuta, wa shuga, wa feteleza, wa chimanga, kenako mukuti tibwerenso tidzaime kumbuyo kwa munthu. Miyendo yathuyi ndi yachitsulo?

KabazaWaPaDepoti:
Bola wa mafuta, ukafika kutsogolo mwina upeza malita awiri.

NomaWeniweni:
A Maule mukudandaula mzere inu? Pa geti ya sitediyamu mumafika 10 koloko mpira uli wa 2:30, kukaonerera timu yanu ikukwapulidwa.

Maule_Mpaka:
Werengani zikho kaye, achimwene, kenako mubwere tidzalankhule.

AdminWaGulu:
Za mpira zili ndi tsamba lake. Tibwerere.

Chipata_Boy:
Moni a kwathu, ine ndili tsidya lino la Mwami. Inu mukudandaula kuti anthu sapita ku chipulula, ife kuno timati adoption. Ofuna kuima amaonekera ku makomiti kuyambira ku wodi, ku dera, ku boma mpaka ku chigawo, koma mawu omaliza amachokera ku Lusaka. Munthu angathe kukondedwa pansi ponse, kumwamba n'kutuluka dzina lina. Zotsatira zake n'zofanana ndi zanu: mu 2021 oyima paokha 13 adalowa m'nyumba ya malamulo, ndipo ambiri adali okanidwa ndi zipani zawo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife satiitana n'komwe kudzaima padzuwa, ndiye sitipsa nkhope pachabe.

Joni_Kuno:
Mankhwala ake ndi khadi la umembala. Kuno ku South Africa, ku ANC nthambi imafunika kukhala ndi mamembala osachepera 100 olipira, ndipo msonkhano wosankha anthu suyamba pokhapokha opitirira theka atafika. Akapanda kukwana, msonkhano umalephereka, aitanenso. Sindikuti kulibe chinyengo, nkhani zogulira anthu umembala wambirimbiri zimamveka chaka ndi chaka. Koma pali buku loti munthu ungaloze dzina lako. Kwathuko membala wa chipani ndani? Aliyense amene walandira tisheti. Ena ali nawo a mitundu inayi m'sutikesi, amavala malinga ndi amene wabwera pa bwalo. Gulitsani makhadi, aliyense wa khadi avote pa pepala pa sukulu ya kwawo, nkhani yatha.

Gogo_Ndodo:
Mwana wanga, mawu oti khadi usawatchule mopepuka. Ndalemberedwa ndi mdzukulu, koma mawuwa ndi anga. Nthawi ya chipani chimodzi, popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Ayufi ankaima pa geti ndi malaya awo ofiira. Mayi woyembekezera ankagula awiri, lina la mwana wa m'mimba. Pa 14 June 1993 ife tidavotera nyali, ndipo ambiri a ife chimene tinkafuna kuti chithe choyamba ndi khadi limenelo. Lero wina adzagogode pakhomo panga ati agogo gulani khadi la chipani, ndimuthira madzi otsukira mbale.

Joni_Kuno:
Pepani agogo, sindimatanthauza lokakamiza.

MphunzitsiWopuma:
Agogo atikumbutsa chinthu chimene achinyamata sachidziwa, ndipo n'chimene chidabala vuto tikukambali. Zipani zimene zidabwera ndi ndale za zipani zambiri zidaopa kufunsa munthu khadi kapena ndalama ya umembala, poti zikadafanana ndi zomwe zidangochoka. M'malo moti membala azipereka ku chipani, chipani ndicho chidayamba kupereka kwa membala: nsalu, tisheti, ya sopo. Chipani chikakhala kuti chikuyendera thumba la mtsogoleri ndi la ashado, eni ake ndi amenewo. Wotsatira amasanduka mlendo woitanidwa ku ukwati. Mlendo safunsa kuti mkwati mwamusankha bwanji, amadya, avina, napita. Ndiye tikudabwa chiyani akapanda kubwera tsiku limene kulibe mpunga?

Khadi logula mwa kufuna kwako ndi losiyana ndi lija la pa geti ya msika. Koma ndikuvomera kuti chilonda chake sichidapole.

ShadoWogwa:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine mmodzi wa amene mumatitcha ashado, mayi, ndipo ndidagwa pa chipulula. Ndikuuzeni mmene zimaonekera ukaima kutsogolo nsalu ili kumaso.

Tsiku lidasinthidwa katatu. Ulendo woyamba ndidabwereka malole awiri, ndidaphikitsa nsima ndi nyemba, anthu anga adafika m'mawa. Tidakhala mpaka 3 koloko, kenako uthenga udabwera kuti ochititsa chisankho sabwera, buku silidakonzeke. Ulendo wachiwiri adatiuza Lachinayi usiku kuti ndi Loweruka, Lachisanu madzulo n'kusinthanso, ine nditalipira kale theka la malole. Ulendo wachitatu ndidalibe kanthu. Nthumwi zinkandiimbira: mayi, tinyamuka bwanji? Ndinkati bwerani pa njinga, ndidzakubwezerani. Adabwera ochepa, ndipo sindiwada otsalawo, ena kwawo ndi makilomita 30. Mnzanga adafika ndi malole asanu, adali atagoneka anthu ake pamalo amodzi usiku wonse kuti wina asawanyengerere. Chimene chidawerengedwa tsiku lija si chikondi cha anthu, adawerenga malo a m'lole.

Anthu amati amayi sitilimba pa ndale. Mu 2014 amayi amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo adali 32 okha mwa 193. A kampeni ya 50:50, yofuna kuti amayi achuluke pa maudindo, amatiphunzitsa kulankhula pagulu, zikomo, koma ambiri timathera pa chipulula pomwepa, dziko lisanatione n'komwe. Kusinthasintha tsiku kumapha wa thumba laling'ono. Ndipo nsalu ili kumaso muja, mawu amene anyamata ankandinena kumbuyoko sindingawalembe pano. Mayi wanzeru zake akamva zimenezo kamodzi, ulendo wina mukamuitana kudzavota amati ndili ndi zochapa.

Kuima pandekha ndidakana, ngakhale anthu adandikakamiza. Pena ndimadzifunsa ngati sindidapuse.

MaiWaMandasi:
Mayi, nkhani yanu yandilasa. Mwina amene ndidamusiya padzuwa ine adali ngati inu.

Mphukira_04:
Koma si paja pali lamulo loletsa kugawa zinthu? Malole ndi nsimazo sizikulowamo?

MphunzitsiWopuma:
Lilipo, lamulo la zipani za ndale la 2018, ndipo pali ofesi ya mlembi wa zipani yoyenera kulilondoloza. Limaletsa kupereka ndalama kapena mphatso pofuna kukopa ovota. Koma lomwelo lidasiya khomo: zovala za kampeni, mayendedwe ndi chakudya cha pa msonkhano wa chipani siliziwerengera m'gulu la zoletsedwa. Ndiye envelopu ikatuluka amati ndi ya thiransipoti, ngakhale wolandirayo kwawo kukuoneka apo. Ndipo pa chipulula ovota ndi ochepa, mayina awo ali pa pepala, nyumba zawo n'zodziwika. Kugula dera lonse n'kovuta, koma kugula nthumwi mazana angapo munthu wa bizinesi yake amatha. Ovota akamachepa, mtengo wa voti imodzi umakwera. Choncho pali anthu amene bwalo likakhala pululu amakondwa.

KabazaWaPaDepoti:
Ndiye otsala kunyumba akukwezera anzawo mtengo. Ayenera kumagawiridwa.

Nangozo47:
Sekani, koma ine sindidagonje. Zonse mwanenazi ndazimva: mzere, buku, malole, kusintha masiku. Koma ine ndidayenda wapansi, ndidanyamula mbatata yanga yophika m'kansalu, palibe adandipatsa kobiri. Ndidaima kumbuyo kwa amene ndinkamufuna, anyamata akujambula, ndipo mpaka lero pali anthu sandipatsa moni. Sindidafe. Tidagwa ndi mavoti ochepa kwambiri, oti ma eriya atatu okha akadabwera onse zikadatembenuka. Mayi a mandasi ndikuwamvetsa, koma mantha amenewo tikawalola, ndiye kuti phungu azisankhidwa ndi amene alibe manyazi okhaokha. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Udatuma anzako, lero ukudana ndi zimene abwera nazo?

WaKuNdirande:
Mayi ndinu olimba, koma musatiyese tonse ofera chipani. Phungu akalowa, zaka zisanu simungamuchotse. Ndime 64 ya malamulo a dziko, yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito, aphungu eni ake adaifafaniza mu 1995, isanagwire ntchito n'kamodzi komwe. Ndidane ndi aneba chifukwa cha munthu amene mawa asintha nambala ya foni n'kusamukira ku Area 47?

Nangozo47:
N'chifukwa chake posankha pomwepo m'pofunika kukhalapo, poti pochotsa palibe.

WaKuNdirande:
Apo mwandigwira pang'ono. Pang'ono pokha.

Mphukira_04:
A gavanala, ndifunse zenizeni, osati zokangana. Kuti dzina langa lidzapezeke m'bukumo ulendo wamawa, ndichite chiyani? Chifukwa ine anandiuza kuti komiti ya achinyamata ilipo kale, koma wapampando wake ali ndi imvi, mwana wake ndinaphunzira naye.

GavanalaWakale:
Mwafunsa bwino, mwana wanga, ndipo yankho lake ndi losasangalatsa. Khomo la chipulula silitsegulidwa tsiku la chipulula. Limatsegulidwa zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyo, tsiku limene eriya ikusankha komiti yake. Msonkhano umenewo ulibe zoimbaimba, ulibe lole, ulibe tisheti. Umachitikira pansi pa mtengo wa mango, Lachitatu masana, anthu asanu ndi awiri. Ine ndidachititsapo wina pamene anthu adachepa kuposa maudindo, mpaka tidaitana mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu, n'kukhala wachiwiri kwa mlembi. Patapita zaka ziwiri ashado ankagogoda pakhomo pake ndi shuga.

Wa imvi ujayo akadali wachinyamata m'buku chifukwa tsiku losankha achinyamata enieni mudali ku mpira. Pitani kwa wapampando wa eriya, funsani kuti komiti idasankhidwa liti ndipo nthawi yake itha liti. Akazemba, pitani kwa gavanala wa dera. Musapite nokha, tengani anzanu khumi, ndipo mayina anu alembedwe inu mukuona. Mukatero jambulani tsambalo pa foni. Ndikunena izi poti ndikudziwa mmene masamba amasowera.

Mphukira_04:
Mpira wake uti, madala, msonkhanowo sanalengeze n'komwe. Amauzana okhaokha kutchalitchi.

GavanalaWakale:
Zimenezonso zimachitika, sindikana. Ndidachitapo.

Joni_Kuno:
Hahaha a gavanala alapa poyera!

ShadoWogwa:
Mukadalapa kale, bambo, bwenzi ena tili ku Lilongwe.

MaiWaMandasi:
Ine ndanena kale, tsiku limene adzabweretse pepala ndi bokosi ndidzakhala woyamba pa bwalo, malungo kapena ayi. Za mzere ndiye iwalani, apongozi ena akadali moyo.

Nangozo47:
Mphukira, sindikudziwa ngati uli dera lathu, koma ku eriya kwathu tagwirizana kukumana Loweruka loyamba la mwezi wamawa, tikonzenso buku nthawi ikadalipo. Atatu mwa asanu aja ndawauza kuti akapanda kubwera tiika ena, ndipo mmodzi wandiyankha kale kuti tsiku limenelo kuli chinkhoswe. Malo a achinyamata alipo awiri opanda munthu. Ndilembere kumbali undiuze mudzi wako.

KabazaWaPaDepoti:
Nthawi yanji, mayi? Ngati ndi m'mawa ine ndiye ayi, Loweruka ndi tsiku la msika. Koma ofuna kukafika ndiwanyamula, mtengo wake ndi womwe uja.